Moto wa m'foni ndi maso a ababa

Ine ndi amene ndinawaphunzitsa ababa kuchepetsa kuwala kwa foni, ndipo ndinawaphunzitsa modzitama. Kumudzi kwathu, kuseri kwa Msakambewa, magetsi sanafike. Foni ikatha moto imakwera njinga kukatchajidwa, choncho aliyense amadziwa nzeru yake: tsitsa kuwala mpaka galasi lide, moto ukhale masiku atatu. Nditawabweretsera foni yaikulu kuchokera ku Mponela, komwe ndimasoka zovala, chinthu choyamba kuwaonetsa chinali chimenecho.

Ababa ndi munthu wa maso. Nyengo yosankha fodya anansi amawaitana m'zigafa zawo, momwe amaumitsira fodya, kuti akawasiyanitsire masamba asanamange mabelo. Tsamba limene ine ndimangoti ndi lofiirira, iwo amalitembenuza kamodzi n'kudziwa mulu wake. Pa zina zonse ndi ofatsa, koma pa fodya musawayambe dala.

Foniyo anaikonda. Masana akamapuma m'kamdima ka m'chigafa ankawerengamo Baibulo ndi mauthenga a kalabu ya alimi, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi.

Loweruka lina ndinawapeza atakhala patsinde pa mango, fodya ali mulu m'chigafa osakhudzidwa.

"Mwanawe, maso anga atha," anatero. "Ndikawerenga pang'ono, misozi ili mbwembwembwe, mutu ukuwawa ngati ung'ambika. Ndikabwerera ku fodya masamba onse akufanana. Ndawauza kale akutsidya kuti afune wina wowasankhira."

Ndinachita mantha, ndipo ine mantha amatulukira m'kukalipa.

"Ndiye mwangodziweruza nokha, ababa? Kuchipatala mwapitako?"

Anali atapitako. Adokotala anawauza kuti nthenda sakuiona, angosiya kuwatopetsa maso. Iwo anati adokotala amangowatonthoza monga amachitira ndi nkhalamba.

Ndinawalanda foniyo. Ine amene ndimalowetsa ulusi pa singano osaphonya, ndinalephera kuwerenga mzere woyamba. Apo ndinakumbukira zimene anandionetsa mayi wokonza mafoni amene timagundana makomo ku Mponela. Ndinatulutsa foni yanga, n'kuloza kamera yake pa galasi la foni ya ababa. Mizere yakuda inaoneka ikutsetsereka, wina pambuyo pa unzake.

"Onani apa. Mafoni ena mukawatsitsa kuwala sachita ngati nyali yotsitsidwa chingwe ayi. Amazima n'kuyaka, kuzima n'kuyaka, mofulumira moti simungaone. Anthu ena siziwavuta, koma ena maso amatopa nazo. Kuwonjezera apo mukufinya maso mumdima."

Ndinakweza kuwala. Mizere ija inazilala, zilembo zinaoneka bwinobwino.

"Iwe, moto utha!" anakuwa ababa.

"Uthe. Foni timatchaja, maso satchajidwa."

Ananditembenukira. "Si iwe unandiuza kuti ndizitsitsa?"

Ndinavomera, manyazi ali tho. Ndinali nditasunga batire, n'kutsala pang'ono kuwalanda bambo anga chinthu chimodzi chimene amayenda nacho mutu uli m'mwamba. Sindinawalonjeze kuti achira, poti sindine dokotala, koma mumtima ndinalibe chikayiko. Ndinawakulitsira zilembo, ndinawauza kuti aziwerengera panja pa mthunzi, ndipo kasola kanga kotchajira foni ndi dzuwa ndinakasiya padenga la khitchini.

Loweruka lotsatira sindinawapeze pa mango paja. Amayi anangondilozera kutsidya ndi mlomo. Ndinawoloka dambo, ndipo ndinawamva ndisanawaone, akukangana ndi mwini chigafa za tsamba limodzi. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuthandiza kusankha.

Sipanapite nthawi, dzanja lawo linalowa m'mulu wanga n'kusolola tsamba. Analitembenuza kamodzi, maso ali gwa, opanda msozi.

"Ili walisakaniza ndi awa chifukwa chiyani?" anandifunsa. "Kapena nawenso foni yako unaitsitsa kuwala?"