Nsomba Yopanda Mamba

Ndikukumbukira fungo la dziwe lina la mumtsinje wa Nsuwadzi kuposa mmene ndimakumbukirira nkhope ya mlongo wanga Elube. Zimandipweteka kunena choncho, koma ndi zoona. Fungo la matope ofunda ndi masamba owola lidakali m'mphuno mwanga, pamene nkhope ya mwanayo inafufutika kalekale.

Elube anali ndi zaka zitatu, ine ndili sitandade folo. Chilimwe chimenecho tiyi anasiya kuphuka, ndipo abambo, amene ankathyola tiyi paesiteti, anali m'gulu la anthu amene kapitawo anawauza kuti akadikire mvula kunyumba. Ndiwo zathu zinasanduka chigwada, lero chigwada, mawa chigwada. Elube anayamba kutupa mapazi ndi masaya, tsitsi n'kufiira, n'kumathothoka. Kusewera anasiya, ankangokhala pakhonde kuyang'ana pansi. Anesi a kukiliniki anauza amayi kuti mwanayo akufunika mazira kapena nsomba, ndipo asachedwe. Nkhuku zathu zinali zitatha ndi chitopa, choncho chimene chinatsala ndi mtsinje.

Kwathu ndife a Sabata. Sitidya nkhumba, sitidya mbewa, sitidya nsomba yopanda mamba, ndipo Lachisanu dzuwa likalowa palibe wogwira ntchito kapena wokoleza moto wophikira. Abambo anali dikoni, munthu woti ngakhale tiyi amene ankathyola chaka ndi chaka sanamulawepo. Za kuwedza sankadziwa chilichonse. Mbedza anakabwereka kwa a Makwinja, mlonda wa kufakitale amene tinkakhala naye khomo loyandikana, Mkatolika wokonda nthabwala.

"Mukakola mlamba musautaye, a dikoni," anatero a Makwinja, "mudzandipatse ine wochimwa."

Abambo anaseka, ine ndinasekanso. Linali Lachisanu m'mawa.

Tinatsika kudutsa m'minda ya tiyi, tiyi wotuwa ndi fumbi, mpaka kumene mabulugamu amathera. Mtsinje unali utaphwa, madzi akungoyenda pakati pa miyala, koma pansi pa thanthwe lina panali dziwe lakuya lobiriwira. Ndinakumba nyongolotsi m'mbali mwa nthochi, abambo anadula nsungwi ziwiri, n'kumangirira tizidutswa ta phesi pa twaini kuti tiziona nsomba ikadya. Asanaponye mbedza anavula chipewa n'kupemphera, pemphero lalitali ndithu, moti nyongolotsi zina zinathawa m'chitini.

Nsomba zinalimo, tinkaziona ndi maso athuwa. Ningwi zinkanyambita ndere pamiyala, nyambo yathu osailabadira n'komwe. Matemba ankabwera gulu, kung'anima ngati timasupuni tatsopano, phesi n'kuvina, ife n'kukoka. Mbedza inkatuluka mbee, nyongolotsi yapita. Tinaika ina, yapitanso. Abambo anati mwina tikufulumira kukoka, ndiye tinayamba kudikira. Kenako anati mwina tikuchedwa. Chimene sitinkadziwa n'chakuti mbedza za a Makwinja zinali zazikulu, zowedzera milamba, zoti kakamwa ka temba sikangameze. Munthu aliyense wokulira kumtsinje akanaona zimenezi asanachoke pakhomo. Ife tinakhala tsiku lonse tikudyetsa nsomba za eni ake.

Masana dzuwa linawotcha thanthwe mpaka matako kupsa. Tinadya chinangwa chophika chimene amayi anatikulungira m'tsamba la nthochi. Kamodzi kokha nsungwi ya abambo inapindika, ndipo ndinaona ngumbo yaikulu, mamba ake achikasu, ikutembenuka pamwamba pa madzi. Abambo anakoka ndi mphamvu zonse ngati akuzula chitsa, twaini n'kuduka. Anakhala pansi n'kuyamba kumanga mbedza yotsala. Apo m'pamene ndinayamba kuchita mantha, chifukwa ndinali ndisanawaonepo atathedwa nzeru chonchi.

Mthunzi wa mabulugamu utafika pakati pa dziwe, abambo anayang'ana dzuwa n'kunena kuti tizipita, Sabata layandikira. Ndikuti ndivuule mbedza yanga, phesi linamira osabwereranso. Chinthu cholemera chinandikokera kumadzi, ine n'kukuwa, abambo n'kugwira nsungwi pamodzi nane. Tinachiguza mpaka pamchenga. Unali mlamba wautali ngati mkono wa munthu wamkulu, wakuda, woterera, ndevu zili yangayanga.

Abambo anaimirira n'kumangouyang'ana. Mlambawo unkapuma, kutsegula kukamwa ndi kutseka.

"Ababa, ndi nsomba," ndinatero.

"Ilibe mamba, Yona."

"Anesi sananene za mamba."

Ndinkayembekezera khofi, pakuti mwana sayankha bambo ake choncho. M'malo mwake anatola mwala, n'kuumenya mlambawo kumutu. Anavula malaya awo, n'kuukulunga, n'kuupana m'khwapa. Tinakwera chitunda chija iwo ali chifuwa pamtunda, dikoni wathunthu, akulambalala njira ya anthu n'kumadutsa pakati pa mizere ya tiyi ngati wakuba. Tinafika dzuwa litalowa kale.

Amayi atafunyulula malaya aja anabwerera m'mbuyo.

"Bambo a Yona, mumphika mwanga ayi. Komanso Sabata lalowa."

"Ndamva, mayi a Yona," anatero abambo. "Tchimo lake likhale langa."

Anakoleza moto okha kuseri kwa nyumba, n'kuwiritsa mlambawo m'chitini chakale cha mafuta ophikira. Fungo lake linafika mpaka kwa a Makwinja, koma munthu wanthabwala uja sanatuluke, ndipo sanaitchulepo nkhaniyi mpaka imfa yake. Amayi, amene anakana mphika wawo, ndi amene anamunyamula Elube pamiyendo n'kumupanira manja. Abambo anauzira msuzi pasupuni, n'kuusendeza pakamwa pake. Elube anameza kamodzi. Kachiwiri anatembenuza mutu, msuzi n'kutsikira m'khosi mpaka pachifuwa. Anamunyengerera, anamuimbira, anamunyenyera kamnofu kakang'ono, koma mwana anali atafika poti chakudya sachifunanso. Chitini chija chinakhala kuseri kwa nyumba mpaka nyerere zinachipeza. Ine njala inkandipweteka, koma palibe anandiuza kuti ndidye, ndipo sindinapemphe.

Elube anamwalira mkati mwa sabata yotsatira, ali kumsana kwa amayi, panjira yopita kuchipatala cha ku Boma.

Palibe wa kumpingo amene anawazenga mlandu abambo, mwina sanamve n'komwe. Anadzizenga okha. Udikoni anatula, ndipo kutchalitchi anayamba kukhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ankakhulupirira kuti mwana wawo anamupha ndi supuni imodzi ija. Nditakula ndinawafotokozera kangapo kuti matendawo anali atapita kale patali, kuti ngakhale ngumbo ija ikanapanda kudula twaini sizikanasintha kanthu. Ankandimvetsera mwaulemu, n'kugwedeza mutu, kenako n'kufunsa za mvula. Madzi akatayika sawoleka.

Masiku ano mwana wotupa ngati Elube amapatsidwa chiponde kukiliniki, ndipo ambiri amachira. Ndikawaona akunyambita timapaketi tija ndimakondwa, komanso ndimapsa mtima, ndipo sindidziwa woti ndimupsere. Chaka chatha ndinatsikira ku Nsuwadzi kukafuna dziwe lija. Thanthwe lilipo, koma pansi pake padzaza mchenga wokokoloka m'minda, ndipo wina anadzalapo mpiru. Ndinafunsa mnyamata amene ankathirira ngati mumtsinjemo mudakali ningwi kapena matemba. Anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti matemba amagula kumsika, ochokera kunyanja.

Abambo ali ndi moyo mpaka lero, maso anachita khungu, ndipo zambiri anaiwala. Koma Lachisanu lililonse dzuwa likamapendeka amandifunsa ngati tabweza mbedza za a Makwinja, kenako amafunsa ngati mwana wadya.