Setilaiti Yanga ya Mawaya

Ndikukumbukira fulati yathu ya ku Thamesmead mumzinda wa London, yonunkha chinyezi, mphepo ya kumtsinje ikulowera pazenera losatsekeka. Tinali titangofika kumene kuchokera ku Ndirande. Kusukulu ndinkangokhala duu, chifukwa Chingelezi changa ankachiseka.

Tsiku lina aphunzitsi a sayansi anatiuza za masetilaiti oyambirira, amene anatumizidwa kukafufuza malamba a cheza choopsa ozungulira dziko. Anati imodzi inanyamula kachipangizo koyezera chezacho, ndipo itakwera kwambiri, kachipangizoko kanangoti zii. Sikuti kunalibe kanthu. Cheza chinachuluka mpaka kukagonjetsa. Kenako anatituma kupanga setilaiti yoyerekezera. Anati zopangidwa bwino zikaonetsedwa kuholo ina ku Woolwich, makolo akuonerera.

Ine ndinkangofuna mayi andione ndikupambana pa kanthu kamodzi. Kwathu ndinali katswiri wa magalimoto a mawaya, choncho ndinawongola mahang'ala a mayi n'kutola chitini cha nyemba m'bini. Mawayawo ndinkapinda ndi mano mpaka nkhama kutuluka magazi. Mpira wa tenisi unali dziko, malamba anali a waya wofiira, ndipo ukapukusa kachigwiriro, setilaiti inkadutsa pakati pawo. Mayi atatsegula wadiropu anakuwa: "Iwe! Yunifomu yanga ya kushifiti ndizikoleka pamphuno pakopo?"

Anzanga anabwera ndi makatoni omata ndi selotepi. Aphunzitsi anapukusa yangayo, n'kuima.

"Wakupangira ndani? Tandiyang'ana m'maso."

Kwathu mwana sayang'ana wamkulu m'maso. Mbama ndinali nditalandirapo kale pa mlandu umenewo. Ndinaweramitsa mutu, manja kumbuyo, ulemu wonse umene ndinali nawo. Anafunsanso. Ndinawerama kwambiri, pakamwa pali gwa, ndikuyang'ana nsapato zawo zabulauni. Iwo anaona mwana wabodza.

Ku Woolwich kunapita makatoni. Yanga inakhala pamwamba pa kabati ya m'kalasi mpaka kuchita dzimbiri. Mayi sanapite kukadandaula, anati aphunzitsi satsutsidwa. Sayansi ndinasiyira pomwepo kuimvetsera. Sukulu yonse ndinadzaisiya pambuyo pake.

Masiku ano ana a mlongo wanga amayankha aphunzitsi maso ali tong'o, ndipo amayamikiridwa kuti ndi odzidalira. Inenso aliyense ndimamuyang'ana m'maso: bwana, wapolisi, woyendetsa basi. Mayi amati London inandiwononga, ndilibe mwambo. Akamanena zimenezo nawonso ndimawayang'ana m'maso, ndipo amene amaweramitsa mutu ndi iwowo.