Mbuzi ya Phazi la Mwaiwathu

Aliyense amene anavalapo nkhwayira za matayala pa Khombedza m'zaka za m'ma 1970 akuwakumbukira a Lameck Chapola. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, mpeni m'manja, timisomali kukamwa. Kunyada kwawo kunali kumodzi: sankayeza phazi la munthu. Ankangoliyang'ana kamodzi, n'kudula tayala, nkhwayira n'kukukwana ndendende. Kwawo kunali ku Dowa. Kunyanja kuno anabwera kudzakwatira mayi Eveles, ndipo anakhala pa chikamwini zaka khumi osatukanapo ngakhale nkhuku ya mwini.

Mkwiyo unawapeza mu 1978, chifukwa cha mwana wawo wamkazi, Mwaiwathu, wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Pafupi ndi mudziwo panali chigayo cha mpunga cha a Lawson, munthu wa malole awiri ndiponso wa mawu aakulu m'chipani. Mankhusu a mpunga ankawataya m'mbali mwenimweni mwa kanjira kopita kuchitsime, n'kuwayatsa. Moto wa mankhusu ndi wachinyengo. Pamwamba pamaoneka phulusa lozizira, koma pansi umanyeka mlungu wathunthu. Amayi anadandaula kangapo kuti pamangidwe mpanda, koma palibe anazikapo ngakhale mtengo umodzi. M'mawa wina Mwaiwathu, popatukira ngolo ya ng'ombe, anaponda pamenepo, ndipo phazi lamanzere linalowa lonse.

Anagona m'chipatala miyezi iwiri. Chilonda chinapola, koma khungu linakoka zala n'kuzipinda, chidendene osafikanso pansi. Dokotala anati phazilo likhoza kuwongoka ku Blantyre ngati angapite mwana asanakule. Koma ulendo umenewo, ndi kukakhala kumeneko miyezi, wosoka nkhwayira akanaukwanitsa ndi chiyani? Mphunzitsi wina amene ankagula kwa iwo ndiye anawatsina khutu kuti lamulo lilipo: wovulaza mwana chifukwa cha kusasamala ayenera kulipira, ndipo malipirowo akhoza kumufikitsa mwanayo kwa madokotala.

Apa ndi pamene panayambira maulendo. Kupolisi ankafuna kalata ya chipatala. Kuchipatala, wolemba kalatayo anali patchuthi. Kukhoti ku boma mawu anali amodzimodzi: bwerani Lachinayi. Pokwera basi achinyamata a chipani ankafuna khadi, lawo ndi la mwana amene anali kumsana. Mapepala onse ankawakulunga m'kathumba ka shuga, n'kukabisa m'malaya. Anzawo pamsika anayamba kuwaitana kuti loya wa matayala. Iwo ankangolavula msomali n'kuyankha kuti, "Sekani, koma mlandu suwola."

Patatha miyezi isanu ndi itatu, nkhani inafika ku Lilongwe kwa loya wothandiza anthu osauka. Anali munthu wofatsa, ndipo analembera a Lawson kalata. Yankho litabwera, anawaitanitsa a Lameck.

"Bambo Chapola, a Wilson Mbewe ndi ndani?"

"Ndi alamu anga, malume ake a mwanayu."

Loyayo anakankhira pepala patsogolo pawo. Pansi pake panali chidindo cha chala chachikulu. "Pano palembedwa kuti a Wilson analandira mbuzi ndi thumba la mpunga m'malo mwa banja, ndipo banja lakhutira, nkhani yatha."

A Lameck mbuziyo ankaidziwa. Inabwera iwo ali kuchipatala, ndipo atabwerako anangouzidwa kuti kunabwera chipepeso. Chipepeso sichikanidwa, ndipo sichipita kwa mkamwini, chimapita kwa mwini mbumba. Mpungawo anadya nawo iwo omwe, ndi usipa wofutsa, osadziwa kuti akutafuna phazi la mwana wawo.

"Pepala ili likhoza kugwa," anatero loyayo. "Chofunika n'chakuti a Wilson abwere adzanene pamaso pa woweruza kuti sanadziwe zimene zinalembedwamo."

A Lameck anawapeza alamu awo kugombe akusoka ukonde. Anakhala pansi patali pang'ono, monga mkamwini, n'kufotokoza zonse mwaulemu. "Ndi mawu awiri okha, alamu. Ndalama ya basi ndilipira ine."

A Wilson sanasiye kusoka. "Alamu, munthu uja anabwera yekha pakhomo panga. Anavula chipewa, anakhala pamphasa, anapepesa. Ine ndinaomba m'manja anthu akuona. Lero ndikaime kukhoti kuti manja aja ndinaomba monama? Nanga mbumba yanga mawa idzakonola kuti mpunga? Ndipo inu mukudziwa anthu amene amadya nawo mbale imodzi."

"Koma anakudinditsani chala pa zimene simunawerenge!"

"Anati ndi umboni woti mbuzi yafika. Ndipo inafikadi."

"Phazi la mwana wanga, alamu, ndi mbuzi?"

Apa a Wilson anaika ukonde pansi. "Mwana wanu? Inu munabwera kuno ndi chikwama chokha. Ana ndi a kuno."

Chopweteka n'chakuti a Wilson sanali munthu woipa. Mwaiwathu ankamukonda, ankamubereka kumsana, ankamusungira chambo chachikulu. Akanakhala woipa, bwenzi munthu atamutukwana mtima n'kupepuka. A Lameck anabwererako kachiwiri ndi kachitatu. Anapempha mayi Eveles kuti akalankhule ndi mlongo wawo, koma iwo anapita, anakalira, n'kubwerako ndi nsomba. A Lameck anakwiya mpaka anasiya kudya chilichonse chochokera kwa alamu awowo, koma mkwiyo wa mkamwini umathera m'nyumba.

Chaka chinatha, china n'kulowa. Loya uja anasamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake anati popanda mboniyo palibe chimene angachite. A Lameck atapitanso ndi mwana kuchipatala, dokotala anagwira phazilo, analitembenuza, n'kupukusa mutu kuti nthawi yabwino yadutsa. Mbuzi ija ndiye inkabereka mapasa okhaokha, ndipo a Wilson ankalozera alendo monyadira kuti izi ndi mbuzi za Mwaiwathu.

Sukulu itatsala pang'ono kutsegulidwa, Mwaiwathu anafika pansi pa mango paja akutsamira ndodo. Anati mchenga ukumuotcha, akufuna nkhwayira ngati za anzake. A Lameck anadula yakumanja, inakwana nthawi yomweyo. Anayang'ana phazi lamanzere, anadula, sinakhale. Anadula ina, inavuka mwana asanaponde kawiri. Yachitatu anaiponya kutchire.

Kenako anatola kachingwe, anagwada m'fumbi pamsika anthu akuona, n'kuyamba kuzunguliza phazilo pang'onopang'ono.

"Ababa," anatero Mwaiwathu, "mesa inu simuyeza phazi la munthu?"

A Lameck anamanga mfundo pakachingwe paja, inamasuka, n'kuimanganso kachiwiri.