Dimba la Apongozi ku Boroma

Ndinanyamuka ku Degue m'mamawa, khasu nditalikulunga m'thumba kuti anzanga a pamsika asandiseke. Geni yanga ya tomato inali itagwa, bambo a kunyumba ntchito itawathera. Ndiye alamu anga anatumiza uthenga woti dimba la malemu apongozi ku Boroma liperekedwa kwa wina ngati sitibzala matope asanaume.

Chapa, kaminibasi kathu kaja, inali ya sinkwenta, mametikali makumi asanu. Anatipanikiza zolimba, mbuzi ziwiri zikulira kunsi kwa mpando. Phula litatha, tinayamba kudya fumbi. Pambali panga panali bambo wina wogulitsa malambe, wolongolola kwabasi. Iye anandiuza kuti kalekale ansembe achizungu, ena ochokera ku Falansa, anakwera Zambezi pa bwato kufunafuna malo, nakhazikika ku Boroma n'kuyamba kulima. Chamumtima ndinati, ngati mlendo wakutali chotero analima, kuli bwanji ine mwana wa ku Angonia, wokulira pamzere?

Tinafika dzuwa litakwera. Tchalitchi cha ansembe aja chikadali pamwamba pa phiri, koma alamu, amene anandichingamira, sanandipatse mpata wochiyang'ana. Ananditsitsira kumtsinje ndisanamwe ndi madzi omwe.

Dimbalo linandikwiyitsa. Linali lopapatiza ngati lamba, lotsetserekera kumadzi, ndipo kumtunda kwake chimanga cha munthu wina chinali chitamera kale. Mwini chimangacho, mayi wa dimba loyandikana, anaima poteropo osachita manyazi n'komwe. Ndinafuna kuzula.

"Mlamu, kuno mbewu ikalowa m'nthaka sitizula," anatero alamu. "Akanakudikirani, bwenzi pano pali gwa."

"Nanga ine ndadzatani?"

Anandilozera kumunsi, kumene mtsinje unali utangophwera, matope akuda bii. Anandifotokozera kuti madimba onse amawadula chotero kuti lililonse likafike kumadzi, ndipo madzi akamaphwa dimba limatalika. Pamene mayi uja anabzala n'pake chaka chino. Pamene Zambezi azisiya kuyambira lero m'pathu, bola munthu akhalepo tsiku ndi tsiku.

Ndinavula nsapato n'kuyamba kuunda mizere monga timachitira kwathu. Mayi uja anaseka mpaka kugwira nthiti. Kenako anatsika, nandilanda khasu, nandionetsa m'Chinyungwe chake kuti kuno amangokumba kadzenje mpaka pachinyezi n'kuponyamo mbewu. Masana anandigawira nsomba yowotcha. Ndinadya, mkwiyo ukundithera pang'onopang'ono, ngakhale sindinafune kuti iye aone.

Ndinaphunzira kuti dimba la m'mbali mwa Zambezi sulima uli kutauni. Madzulo ndinaimbira foni bambo a kunyumba. Anafunsa ngati ndakwera kale chapa yobwerera, ana akudikira.

"Sindikubwera," ndinatero. "Mawa madzi atisiyiranso malo. Bwerani ndi ana, musaiwale khasu linalo."