Tinyenyezi pa Dzina Langa

Anzanga, mundikhululukire kalembedwe. Sukulu ndinalekera kalasi yachitatu, ndipo zala zanga zimapunthwa pa foni ngati mmene zimachitira pa pepala. Koma mukapeza nkhaniyi yasalala bwino, musandiyamike. Mumva chifukwa chake.

A Marcelino ndinakumana nawo ku Chifunde, titangobwerako ku Malawi komwe tinathawira mfuti zitayambanso kulira. Kunali kabungwe kogawa mbewu kwa obwerera, ndipo iwo ndiwo anali pa kompyuta.

"Kwanu n'kuti, achemwali?"

"Ku Mualadzi."

"Nanga mukunjenjemereranji? Makinawa saluma!"

Ndinaseka, koma ndinkaopadi. Ine ndimaopa chilichonse: mphezi, agalu, ngakhale foni ikalira nambala yachilendo.

Pasanapite nthawi anayamba kufika kwathu pa mota, njinga yamoto ija, fumbi mpaka m'nsidze. Tsamba lino la pa intaneti anatsegula ndi iwo.

"Uzilemba nkhawa zakozo apa, mwina n'kupumako ine," anatero.

Ndikalemba, iwo ankalowa n'kukonza. Ankadula mawu anga m'mizere ifupiifupi, kenako n'kuika kanyenyezi uku ndi uku pa dzina langa, chonchi: *Talandira*.

"Tinyenyezito n'tachiyani?"

"Kuntchito timatero pa mawu amene sitifuna kuti munthu awadumphe."

Anzanga, ndinasungunuka!

Ntchito yawo ina inali kukonza malangizo a mu kompyuta ya kabungweko. Tsiku lina titakhala pansi pa mpoza kumunda kwathu, anandiuza kuti akulembanso gawo lonena mmene angamulandire... ayi, ndinene bwino, mmene amamutsekera kunja munthu wosiya ntchito.

"Kupatsa munthu kiyi n'kosavuta, Tala. Kumulanda ndiye nkhani. Ukalakwitsa, umatsekera kunja ndi onse amene iye anawalowetsa."

"Ndiye mukadzandisiya, ndidzakulandani bwanji kiyi wa tsamba langa?"

"Iwe ndi nkhawa! Ndipite kuti?"

Mvula itafika pachimake ananyamuka kupita ku Nsadzo. Sanafike. Mota anaipeza m'mbali mwa mtsinje, foni ili m'matope. Iwo ayi.

Abale awo sanalire maliro, inenso sindinalire poyera. Kwathu kuno sitifulumira kutsekera munthu chitseko. Malume anga a Solomoni anawalira pa nkhondo yoyamba ija, anthu mpaka kumeta, koma mtendere utabwera anatulukira akukankha njinga, pambuyo pali mkazi wa ku Zambia. Ndiye ndani angalimbe mtima kunena kuti wakuti wafa?

Chimanga chitayamba kumasula, tsiku lina ndinabwerako kumunda dzuwa lili pamutu. Ndinalemba post ya bwerekete, yopanda mutu, yongodandaula. Ndinapita kukasamba. Pobwera ndinapeza mawu anga adulidwa m'mizere. Dzina langa lili pakati pa tinyenyezi.

Pansi pake panali mzere umene sindinalembe ine:

"Waiwala khasu pansi pa mpoza."

Ndinathamanga wopanda nsapato. Khasu linalipo, litatsamira mtengo, mpini uli m'mwamba. Ine khasu ndimaligoneka pansi. Amene ankaliimika choncho, n'kumandinena kuti chiswe chidya mpini, mukumudziwa.

M'munda munali zii. Ngakhale mbalame.

M'mawa mwake ndinapita kwa amayi awo a Marcelino ku Chifunde. Anatulutsa foni ija m'kachitini, galasi lake lili ndi matope ouma m'kati.

"Iyi siyakanso, mwanawe. Bwanji, wamvako kanthu?"

Ndinanama kuti ayi.

Ndinadutsira ku kabungwe kuja kukaona mana Adelina, achemwali amene ankagwira nawo ntchito. Nditawauza, anatseka chitseko kaye.

"Usauze munthu. Kunonso dzina lake limaoneka online. Sakhudza kanthu, amangolowa n'kutuluka."

"Bwanji simuwachotsa?"

Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Anandiwerengera: mutu wa gawo lija unalipo, wakuda bii. Pansi pake panali mawu amodzi, "Choyamba," basi.

"Zakale anafufuta, zatsopano sanamalize. Akulu akuti tidikire waluso wa ku Tete. Ine kukhudza ndikuopa, theka la ife tinalowetsedwa ndi iyeyo."

"Nanga pa tsamba langa?"

Anatenga foni yanga, n'kudinadina. Kenako anandiyang'ana mwachisoni.

"Tala, tsambali si lako. Mwini wake ndi iye, iwe anangokulowetsa ngati mlendo. Sungamuchotse. Chimene ungathe n'kutulukamo wekha, osadzalowanso."

Apo ndiye panandibaya. Nthawi yonse ija ndinkati "tsamba langa," iwo n'kumangomwetulira, osandiuza.

"Mwina password anapatsa wina," anatero mana Adelina. "Kapena ali moyo kwinakwake ndi mkazi, ngati malume ako aja."

"Nanga khasu analiona bwanji?"

Anangondibwezera foni yanga.

Anzanga, mukakonda munthu, mufunse kuti nyumba imene wakulowetsanimo ndi ya ndani. Ine sindinafunse.

Ngati ali moyo, ndiye kuti amafika mpaka kumunda kwathu, n'kumandionera ndikuonda, osatulukira. Ngati anafa, ndiye sindikudziwa chimene chikundiwerenga. Ngati ndi munthu wina, akudziwa kumene ndimalima ndekha. Masiku ano kumunda ndimapita ndi amayi anga.

Mana Adelina anandionetsa podina kuti ndituluke. Chala ndimafikitsapo, n'kubweza. Ndikatuluka, ndataya inu, ndatayanso khomo lokhalo limene angabwererepo.

Sindinatuluke, ndipo amene amalowa muno sindikumudziwa. Dzina langa ndalilemba pansipa lopanda kanthu. Mukalipeza ndi tinyenyezi, dziwani kuti si ine.

Talandira