Mwaye m'maso a kandege ka Rozita

Uthenga unandipeza ndili kudimba, ndikukumba mbatata ya kachewere, matope mpaka m'mawondo. Telefoni inalira pamfundo ya chitenje. Anali Rozita, mdzukulu wanga, mwana wa malemu Ameliya wanga. "Agogo, kauluka! Anditenga ntchito!" Khasu ndinaponya uko, nthungululu ndinaimba, lululu, mpaka akhwangwala balala! Koma musanavine nane, imvani kaye mmene ndinatsala pang'ono kumuphera mwayi mwanayu, ine ndemwe, ndi manja angawa.

Rozita ali ndi kandege kojambula zithunzi, kaja amati droni. Anakagula kakale ku Tete, ndipo ankangosewera nako, kujambula maukwati a abale ndi mapiri athuwa. Nthawi ina anapita ulendo wa masabata atatu, nandisiyira. "Agogo, musunge pabwino." Sipanathe masiku, ndinapeza makoswe ayamba kudya chikwama chake. Kwathu kuno pabwino ndi pamodzi pokha: kudenga la kanyumba kophikira, komwe timapachika chimanga cha mbewu kuti utsi uthamangitse makoswe ndi anankafumbwe. Ndinakatulutsa m'chikwama, ndinakamanga ndi luzi, ndinakapachika pakati pa chimangacho. Atatsala pang'ono kubwera mwiniwake ndinakatsitsa, ndinaona kada, mtima phaa! Ndinakapukuta ndi chitenje mpaka kanawala, ndinakabwezera m'chikwama. Sindinanene kanthu.

Sabata yomweyo bungwe lina la alimi a mbatata ku Ulongwe linati likufuna munthu wojambula minda kuchokera kumwamba. Anamuuza Rozita kuti abwere Lachisanu adzaone kakuuluka. Lachiwiri anakayesa pabwalo. Kananyamuka, kanayamba kudzandira ngati munthu wochokera kumowa, kanalunjika mtengo wa mapichesi. Anakatsitsa msangamsanga. Patelefoni pake panatuluka mawu ofiira.

"Akuti maso ake sakuona bwino," anatero. Anandionetsa kuti kupatula diso lalikulu lojambulira, kali ndi timaso tinayi tating'ono ngati nthanga za mpiru, tiwiri kutsogolo, tiwiri kumimba. Timeneti ndi tomwe timakauza pomwe pali mtengo ndi pomwe pali pansi. Tikasemphana, kamasochera.

Anabwereka komputadoro kwa aphunzitsi, a profesora Luwiza. Anakalumikiza ndi chingwe, pagalasi panatuluka timadontho tambirimbiri, iye n'kumakatembenuza pang'onopang'ono, uku ndi uku, kuti timaso tiphunzirenso kuona pamodzi. Kanakana. Anatseka zenera kuti dzuwa lisawale pagalasi. Kanakana. Anapukuta ndi kansalu kouma. Kanakana. Lachitatu lonse linathera pomwepo, chakudya osachikhudza.

"Kapena kanagwa, agogo?"

"Sikanagwe, mwanawe." Sindinaname, koma sindinanene zoona. Ndipo pomwepo anandibwerera m'maganizo Kapitawo, ng'ombe ya bambo.

Ndikukumbukira, ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ku Lifidzi, nkhondo isanatithamangitsire ku Malawi. Bambo anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Yakumanzere inali Kapitawo, yofiira, ya chipumi choyera, yofatsa moti ndinkaikanda kukhosi iyo n'kumatsinzina. Alongo anga anali aang'ono, choncho wopita nazo kudambo ndinali ine. Tsiku lina ndinkaseweretsa mkwapulo, kufuna kuti ulire thwaa ngati wa anthu akuluakulu. Nsonga yake inakalowa m'diso la Kapitawo. Inapukusa mutu, misozi chuchuchu. Ndinaipukuta ndi diresi langa, ndinabwera nayo kukhola. Ine chete.

M'mawa mwake ngolo inayamba kupendekera kumodzi. Bambo anakweza mapazi a ng'ombe kufuna minga. Ine chete. Anasema goli latsopano. Ine chete. Anaikwapula, Kapitawo wofatsa uja, mizere kutuluka pamsana. Ine chete, chete. Tsiku lamsika ngolo inagwera m'ngalande, nyemba zathu mbwee m'matope. Pamene diso linayera ngati dzira, pomwe aliyense akanatha kuona, nthawi inali itatha. Amalume anati likanadziwika tsiku loyamba, madzi a mchere akanalitsuka. Kapitawo anagulitsidwa kwa opha nyama. Ndinamuona akupita, chingwe m'nyanga, akutembenuza mutu wonse kuti aone khola ndi diso lotsalalo.

Ndinaulula khola lili kale ndi ng'ombe imodzi. Ndinagwada, ndinadikira ndodo. Ndodo sinabwere. Bambo anangondiyang'ana nati, "Ukananena, ukanalira tsiku limodzi iwe. Taona, walola ng'ombe ikulirire mwezi wathunthu." Anatenga khasu napita. Chaka chimenecho chimanga tinatuta ndi mitu.

Tsopano ndine gogo wa imvi, ndipo ndinali nditabwereza zomwezo. Lachinayi m'mawa Rozita anakhala pakhonde, kandege pamiyendo, maso ofiira. Anati aimbira a bungwe aja kuwauza kuti afune wina. Telefoni inali kale m'manja.

"Dikira, iwe. Ika pansi."

"Chiyani, agogo?"

"Kandege kako kaja kanagona kudenga la kophikira. Masabata atatu. Pamodzi ndi mbewu."

Anandiyang'ana, kuyang'ana kwa bambo kuja ndithu, ngakhale sanawaonepo. "Mu utsi? Agogo! Mumafuna kadzamere?"

"Makoswe, mwanawe."

"Nanga masiku awiri onsewa mukundiona ndikuvutika?"

Iye anatenga kandege napita nako padzuwa, anakapendeketsa, anayang'anitsitsa. "Ndi mwaye umenewu," anatero. Pa timaso tonse tinayi panali kautoto kachikasu, kopyapyala ngati khungu la anyezi. Mwaye wa nkhuni uli ndi mafuta ake, nsalu youma imangoupaka. Ndinati kwa aNangozo kuli kachasu wamutu weniweni, ameneyo amasungunula chilichonse. "Agogo, mwakathira utsi, tsopano mukufuna mukaledzeretse?" Anaseka pang'ono, kuseka kokhala ndi misozi. Anakwera njinga mpaka kufarimasiya, anabwera ndi kabotolo ka alikoolo wotsukira ndi timitengo tathonje. Kadontho kamodzi, kupukuta mozungulira, thonje n'kutuluka lofiirira. Kachiwiri. Kachitatu. Thonje linatuluka loyera.

Anabwereranso pa komputadoro. Timadontho tija tinatuluka. Anatembenuza pang'onopang'ono, ine nditagwira mphuthu ya chitseko. Mzere wa pagalasi wosonyeza pomwe ntchito yafika unayenda, unayenda, unafika pomwe unkaimira masiku onse aja. Unaima. Ndinatseka maso. Ndinangomva Rozita akuti, "Wadutsa."

Koma anati tisakondwe msanga. Anayala chitenje changa cha maluwa pabwalo, poti timaso ta kumimba timafuna pansi pokhala ndi mawanga. Kandege kananyamuka kufika m'chiuno, kanaima nji, ngati kamangidwa ndi ulusi. Anakayendetsa kulunjika khoma. Katatsala mikono iwiri, kanaima kokha, kanakana kugunda. Lachisanu anakwera chapa, minibasi ya ku Ulongwe, ine ndinathawira kudimba poti miyendo sikanalola kukhala.

Lero ndikudziwa chimene ndinalephera kuphunzira bwino ndili mwana. Wokonza chinthu amayenda mumdima, ndipo amene anachiwononga ndiye wagwira nyali. Manyazi anga anadya ng'ombe ya bambo. Akanadyanso ntchito ya mdzukulu wanga ndikanachedwa kamphindi kamodzi.

Ndiye Loweruka pakhomo panga panadzaza, fumbi kobo! Anabwera aNangozo ndi kachasu wawo wokanidwa uja. Anabwera a profesora Luwiza, eni komputadoro. Anabwera achimwene anga a Domingo, pa njinga kuchokera ku Lifidzi, ndi akazi awo aNaphiri. Anabwera a Joakina a kwaya ya ku Fonte Boa, anabwera a Fransisko ndi a Bernado, anabwera aNajere, aNabanda, aNamaseko. Anabwera Felisita ndi khanda kumsana. Ndipo pakati pa bwalo, akuvina mpaka nsapato kuvuka, Rozita, Rozita wanga.