Khirisimasi imene ndinabisa amuna anga kuseri kwa katani

Chaka chimenecho mvula inatichita chipongwe ku komboni yathu ya Kanyama. Madzi anadzadza misewu, zimbudzi zinasefukira, ndipo ana athu tinawatumiza kwa akulu anga ku Matero. Tinatsala awiri m'chipinda chathu chalendi, chimene katani anachigawa pakati: uku kogona, uku kochezera. Kolera anali atalowa kale mukomboni.

M'mawa wa Khirisimasi amuna anga anayamba kutsegula m'mimba. Iwo ndi munthu wowotcherera mageti, wamphamvu zake, wosadziwa khomo la chipatala. Poyamba ndinawaseka kuti adya kanyenya wa m'mbali mwa msewu. Koma pofika nthawi ya tchalitchi, kuchimbudzi sankafikako. Zimene zinkatuluka zinali ngati madzi otsukira mpunga, miyendo ikukokana, maso akulowa m'kati ndikuona.

Ndinachita mantha oti sindinawamvepo. Matendawo ndinawadziwa, koma ndinkaopanso kumalo kumene ankasonkhanitsako odwala kolera. Mukomboni anthu ankanena kuti kumeneko ukalowetsa munthu umatsala kunja kwa mpanda, akafa sumusambitsa, ngakhale nkhope suiona. Zoona kapena zabodza, ine ndinazikhulupirira zonse. Panalinso alandilodi athu, amene tinkagawana nawo chimbudzi, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko. Choncho ndinakoka katani, n'kutseka khomo, n'kuyamba kusungunula shuga ndi mchere m'madzi owiritsa. Ndikawamwetsa, ankasanza. Ndikawamwetsanso, ankasanzanso.

Kunja Khirisimasi inali itapenga. Bala ya kuseri kwathu inkagunditsa nyimbo mpaka malata kunjenjemera, oledzera akugwa m'matope, ena akumenyana. Ine ndinkayesa kupemphera, koma sizinkatheka. Ndinakwiyira ngakhale Mulungu. Masiku onse a pachaka, anasankha lomweli?

Kutchalitchi kwathu amayi ali ndi chizolowezi choti mapemphero a Khirisimasi akatha, amayendera aliyense amene sanaoneke, kukamuyimbira pakhomo. Ine ndimatsogolera nyimbo, ndiye kusowa kwanga sikukanabisika. Masana ndinamva majombo akuphwanya madzi, kenako nyimbo ya kubadwa kwa Yesu pakhomo panga penipeni. Kunena zoona, tsiku limenelo ndinkafuna kuwathira madzi a mbale.

Ndinatsegula pang'ono, n'kuima pakhomo ngati mlonda. Patsogolo panali mayi wamkulu wa gulu lathu, wamasiye wogulitsa makala pamsika, wosaseka wambawamba.

"Mwana wanga, lelo sitinakuone. Kuli bwanji?"

"Mutu chabe, bamayi. Nizankhala bwino."

"Nanga bamuna bako?"

"Bapita ku Matero kuona bana."

Ndisanatseke pakamwa, amuna anga anabuula kuseri kwa katani. Fungo nalonso linali litandiulula kale. Amayi ena anabwerera m'mbuyo, nyimbo n'kuduka. Sindiwaimba mlandu, inenso ndikanathawa. Koma mayi wamkuluyo anandikankhira pambali ngati mwana, n'kulowa ndi majombo awo amatope, n'kukoka katani.

Anawayang'ana, n'kuwatsina khungu la padzanja. Khungulo linangoima osabwerera.

"Bisa matenda, malilo tizamva," anatero, n'kutembenukira kwa mayi wina amene anaima pakhomo. "Leta wilibala manje manje."

"Bamayi, kuja bakangena sibachoka. Ningabapeleke bwanji neka kukafa?"

"Apa ndiye pamene bazafela. Tiye."

Anavala mapulasitiki m'manja, n'kumanga chitenje m'chiuno. Wilibala yawo yamakala inabwera, tinayalamo thumba ndi bulangete, n'kuwanyamula. Munthu amene amasenza geti yekha anapepuka ngati mtolo wa zovala. Alandilodi anaima pakhonde manja ali m'chiuno, koma mayi aja atawayang'ana kamodzi, analowa m'nyumba.

Ulendo wa kumsewu waukulu sindidzauiwala. Madzi ankafika m'mawondo, pansi osaoneka, ndipo ku Kanyama pansi pa madzi pamabisala miyala ndi zitsime zosavundikira. Mayi mmodzi wa gulu lathu anatsogola ndi ndodo akufufuza njira, ife awiri tikukankha. Anthu ankatipatukira atagwira mphuno. Mutu wa amuna anga unkangogwedezeka, ndipo ine ndinkawaitana mosalekeza kuti ndimve ngati akadalipo. Penapake anasiya kuyankha. Ndinafuna kukhala pansi m'madzi momwemo.

"Kankha," anatero mayi aja. "Kulila uzalila pambuyo ngati kuliko."

Kumsewu, minibasi zinatikana. Anatinyamula ndi bambo wina wa kagalimoto konyamula mchenga, amene sanafunse n'komwe kuti ndife ndani. Titafika kumalo a odwala kolera kuja, anamwino anawalandira pageti, ife anatipopera mankhwala m'manja ndi m'mapazi, geti n'kutsekedwa. Chimene ndinkaopa chija chinachitika: ndinatsala kunja kwa mpanda, pamodzi ndi khamu la anthu ena odikira abale awo.

Ndinakhala pamwala. Ndinauza mayi aja kuti Mulungu watitaya, Khirisimasi ndi ya anthu a kumayadi, osati ife okhala m'zonyansa.

"Iwe, Yesu anabadwila kuti? Mu khola, pa matuvi ya ng'ombe. Manje Kanyama angaiyope chani? Kuja mukati kwamene iwe sungangene, yeve alimo."

Kenako anayamba kuyimba chapansipansi nyimbo imene inadukira pakhomo panga. Mawu awo ndi okhakhala, ndipo amaphonya poyambira. Mayi wina wa mpingo wina analandira, kenako bambo wina, mpaka mbali yonse ya mpanda inkayimba. Ine wotsogolera nyimbo ndinalowa pomalizira. Ndinali ndisanamve ngati amuna anga ali moyo, koma mantha anachepa. Ndinakhulupirira kuti sali okha m'katimo, ndipo mtima unakhala pansi.

Dzuwa litapendeka, namwino anabwera pampanda n'kunena kuti madiripi agwira, amuna anga atsegula maso. Anatinso tikanachedwa pang'ono, nkhani ikanakhala ina. Ndinalira ngati mwana, nditagwira chitenje cha mayi aja chakuda ndi makala.

Pobwerera ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji msanga chotero, komanso chifukwa chake sanaope kulowa. Anayankha akuyang'ana pamene akuponda.

"Wanga anali mwana, woyamba kubadwa," anatero. "Naine ninakoka katani. Koma kwa ine kulibe anabwela kugogoda."